Ndege yakalamba koma zizindikiro zake zikadali zatsopano: ndizimatule?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Mpondasi: "Achimwene anga amene ali ku Johannesburg ananditumizira bokosi la kampani ya Airfix, kandege ka pulasitiki kolumikiza wekha, kofanizira ndege yankhondo ya ku Britain ya Spitfire Mk V ya m'chipululu, sikelo ya 1/72 (kochepa ka 72 poyerekeza ndi ndege yeniyeni). Ndinakalumikiza, ndinakapenta ndi bulashi, kenako ndinakadetsa kuti kaoneke ngati kamenya nkhondo. Masitika a zizindikiro, aja pabokosi amawalemba kuti decals, ndinamata pomalizira. Tsopano ndege ikuoneka yokalamba koma zizindikiro zikuwala ngati zachokera m'sitolo lero, ndipo m'mbali mwa zilembo mukunyezimira ngati siliva. Makina opopera penti ndilibe. Kodi ndimatule zonse ndiyambirenso?"

Aphunzitsi, musamatule kanthu. M'bokosi mumabwera pepala limodzi lokha la masitika, ndipo mukaononga limenelo mudikira mpaka wina atsike ku Joni. Ndegeyo ikonzeka momwe ililimo. Koma mavuto mwatchulawa ndi awiri osiyana, ndipo ayenera kutha motsatana: siliva achoke kaye, kukalambitsa kubwere pambuyo. Mukasemphanitsa mutsekera mpweya pansi pa vanishi, ndiye kuuchotsa kudzakhala chintchito.

Siliva uja ndi mpweya basi. Sitika iliyonse ili ndi kakhungu kopyapyala, koonekera mkati, kamene kamanyamula inki. Penti yosawala imaoneka yosalala ndi maso, koma ili ndi timabampu ndi timaenje, ndipo n'zimene zimaichititsa kuti isawale. Kakhungu kaja kamagona pamwamba pa timabampu, mpweya n'kutsalira m'timaenje, ndiye kuwala kukamenya pamenepo kumabwerera m'maso mwanu ngati siliva. Vutoli limakula pa zilembo ndi manambala chifukwa pakati pa chilembo ndi chinzake pali kakhungu kopanda inki, kosabisa kanthu. Inu munamata pa penti yosawala yomwe munali mutaithiranso fumbi, choncho sizikanalephera.

Tengani singano yatsopano, muboole timabowo tambirimbiri paliponse pakunyezimira. Musakanikize mpaka kukanda pulasitiki, kakhungu kokha kabooke. Kenako donthezani mankhwala ofewetsa masitika. Odziwika kwambiri ndi Micro Sol, ndipo ngati achimwene angakutumizireni kabotolo kamodzi kadzakusungani zaka. Mankhwalawa amachititsa sitika kukwinyika kwa kanthawi; musaigwire, imadziwongola yokha ikamauma. Ngati mulibe, viniga woyera wosakaniza ndi madzi ofunda, theka ndi theka, amathandizako ngakhale mphamvu yake ndi yochepa. Ndi viniga mukhoza kukanikiza ndi kathonje ka m'makutu konyowa, mokagubuduza osati mokhula. Njira ina imene ine ndimaidalira kwambiri pa siliva wouma mutu ndi kadontho ka vanishi wowala wa acrylic wosungunula ndi madzi: amalowa m'timabowo tija n'kukadzaza pamene panali mpweya. Pakatsalabe timadontho, pentanipo ndi penti ya thupi la ndege ndi bulashi ya nsonga, molambalala zilembo. Ataima kumbuyo kwanu munthu sangadziwe.

Mukadali ndi chitsulo m'manja, yang'anani mizere yolowa mkati imene ikusonyeza pokumana malata a ndege. Pomwe sitika yaidumpha pamwamba ngati mlatho, dutsitsanipo lezala yatsopano motsatira mzere, muthirenso mankhwala kuti sitika imire m'mzeremo. Anthu ambiri amanyozera pamenepa, pomwe ndi apa pamene diso limagwirira bodza msanga: mzere ukuyenda bwinobwino paphiko, ukafika pa chizindikiro n'kusowa, n'kukatulukira tsidya lina.

Zikauma, tsiku lathunthu, pakani vanishi wa acrylic mopyapyala pa zizindikiro ndi pozungulira pake. Ameneyu ndiye mpanda pakati pa sitika ndi zonse muthire pamwamba. Ndichenjeze za zinthu zimene zili pafupi nafe ndipo zimakopa: thinala ya ku hadiweya yosungunulira penti ya galimoto imadya pulasitiki, mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo chimodzimodzi, sipiriti wofiirira uja amasupula penti ya acrylic, ndipo polishi wa pansi ndi phula, palibe chimene chidzagwirenso pamwamba pake. Vanishi wa matabwa ndi wokhuthala ndipo amasanduka wachikasu.

Tsopano pa nkhani yeniyeni. Pa Spitfire yeniyeni chizindikiro chinali penti, yopakidwa pa lata lomwelo, yowambidwa ndi dzuwa lomwelo, yokwapulidwa ndi mchenga womwewo. Chilichonse chimene chinagwera phiko chinagweranso chizindikiro. Komabe apa pali msampha wachiwiri umene amagwamo anthu akangomva zimenezi: amatenga fumbi n'kumwaza mofanana pa chizindikiro chilichonse, pamwamba, m'mbali ndi pansi, ngati zonse zinabadwa tsiku limodzi n'kukhala moyo umodzi. Sizinali choncho, ndipo musanagwire bulashi mudzifunse za chizindikiro chilichonse kuti chinapentedwa liti, anapenta ndani, nanga chayang'ana kuti.

Zizindikiro zinkasintha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Chapakati pa 1942 a RAF, gulu la ndege zankhondo la Britain, anachepetsa mphete yoyera ndi yachikasu pa chizindikiro chozungulira cha m'mbali mwa thunthu, chifukwa zinkaonekera patali. Ndege imene inali kale pantchito inapentedwanso pamenepo, ndiye kuti chizindikiro cha m'mbali chikhoza kukhala chatsopano kuposa penti yoizungulira. Aamerika anachotsa kadontho kofiira pakati pa nyenyezi yawo mu May 1942 kuti asasokoneze ndi chizindikiro chofiira cha Japan. Mizere yakuda ndi yoyera ya D-Day, tsiku limene asilikali a Britain, America ndi anzawo anakocheza ku France pa 6 June 1944, inapakidwa kutatsala masiku ochepa, mothamanga, kwina ndi mabulashi akuluakulu, mizere isanu ya mainchesi 18 uliwonse pa ndege za injini imodzi. Munthu amene akupanga ndege ya tsiku limenelo n'kuikalambitsa mizere ija walakwitsa, ngakhale atachita mwaluso chotani. Zilembo zikuluzikulu za m'mbali, zosonyeza gulu la ndege, zinkapentedwa kugulu komweko osati kufakitale, ndipo ndege ikasamutsidwa ankafuta zakale n'kulemba zina, pansi pake n'kutsala chigamba cha penti yatsopano. Nambala yaing'ono yakuda ya pafupi ndi mchira ndiyo kawirikawiri inali yakale kwambiri.

Palinso chinthu chimene chingakupusitseni pa zithunzi za nkhondo ya ku North Africa ndi Italy. Ndege za South African Air Force zinkaika olenji pamene a RAF ankaika zofiira. Mukaona pakati pa chizindikiro pali olenji musafulumire kunena kuti ndi dzuwa lasulutsa. Onani papepala la malangizo kuti ndege mwasankhayo inali ya gulu liti.

Za mmene mitundu imakalambira simufunika buku. Tsikirani kugombe m'mawa muyang'ane maboti a matabwa amene ali ndi mayina ndi manambala. Kumtunda kumene dzuwa limamenya tsiku lonse, chofiira chafwifwa n'kukhala ngati njerwa yosapsa bwino, buluu watuwa ngati wathiridwa ufa, choyera chadetsedwa, chakuda sichilinso bii. Pamene amakokerapo ukonde zilembo zaperepeseka, koma chapafupi pomwepo, pamene dzanja silifika, zikadali zathunthu. Ndipo boti lina dzina analipentanso chaka chino pa thupi la zaka zambiri. Zonse mukufuna kudziwa zili pamenepo.

Pa ndege yanu ndiye kuti zizindikiro za pamwamba pa mapiko ndizo zisuluke kwambiri. Za m'mbali mwa thunthu zisuluke pang'ono, makamaka chakumtunda kumene thunthu likupindikira kuyang'ana kumwamba. Za pansi pa mapiko dzuwa silizipeza, choncho mtundu wake ukhale wolimba ndithu, zingodetsedwa ndi fumbi la matayala ndi utsi wa mfuti. Kumbukiraninso kuti chofiira ndi buluu wa RAF pa nthawi ya nkhondo zinali zozimirira kuchokera kufakitale, chofiira chake chopita ku njerwa. Ngati opanga masitika anatsata bwino, simukufunika kupita nazo patali.

Popanda makina opopera, bwenzi lanu ndi penti ya mafuta ya ojambula zithunzi, ija ya m'timachubu. Mitundu itatu ndiyo yofunika kwambiri: yoyera, yellow ochre (chikasu chonga dothi) ndi burnt umber (bulauni woderako). Yosungunulira yake ndi white spirit kapena tapentaini wa mineral. Ubwino wa penti imeneyi ndi woti imachedwa kuuma, ndiye mukaona kuti mwapyola mumangopukuta n'kuyambiranso. Ngati thupi la ndege munapenta ndi penti ya enamel monga Humbrol ya m'tizitini, white spirit aidya, choncho vanishi wa acrylic uja akute ndege yonse osati zizindikiro zokha.

Finyirani penti pang'ono pa kapepala ka katoni, muisiye kwa ola kuti katoni amwe mafuta owonjezera. Mukatero imauma msanga ndipo siwala. Ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano ikani timadontho ting'onoting'ono toyera ndi ta ochre pa chizindikiro cha pamwamba pa phiko, ena pa buluu, ena pa chofiira, ndipo ena, apa ndiye pagona nkhani, pa penti ya phiko kunja kwa chizindikiro. Tengani bulashi yafulati, muiviike mu white spirit, muipukute pa nsalu mpaka itsale yachinyezi chabe. Kokani timadontho tija kuchokera kutsogolo kwa phiko kupita kumbuyo, njira imene mphepo imayenda, mobwerezabwereza mpaka mutakayika ngati pali chimene chatsala. Chatsala. Bulashi idutse malire a chizindikiro ngati kulibe malire, chifukwa kankhungu kamodzi kakuta zonse ziwiri ndiko kamangiriza chizindikiro ku ndege. M'mbali mwa thunthu kokani chotsitsa, mmene mame ndi mvula zimatsikira ndege ikaima.

Zoyera pa chofiira zimabala pinki, ndipo pinki akachuluka ndege imaoneka ngati chidole. N'chifukwa chake ndimakonda ochre pa chofiira, choyera n'kuchisungira buluu. Mphete yoyera ndi zilembo zoyera zimafuna zosiyana: musaziwalitse, zidetseni ndi kamadzi ka umber kopyapyala kwambiri, gawo limodzi la penti pa magawo khumi a white spirit kapena kuposa. Choyera cha sitika ndicho chimakuwa kwambiri pa kandege, ndipo mukangochiziziritsa icho theka la vuto lanu latha. Nambala yakuda ipatseni kankhungu kotuwa.

Kamadzi ka umber komweko, kokhuthalirako pang'ono, kakhudzitseni ndi nsonga ya bulashi m'mizere munadula ndi lezala ija. Kamayenda kokha. Pa buluu mzere wa bulauni suoneka, onjezerani kakuda pang'ono. Pa choyera ndi chikasu upepuke, apo ayi uoneka ngati mwajambula ndi bolopeni.

Ngati penti ya mafuta simunaipeze, ufa umagwiranso ntchito. Palani choko cha pastel pa sandipepa, kapena choko cha m'kalasi mwanu momwemo chosakaniza ndi kadothi kosefa bwino, mupake ndi bulashi youma yofewa. Makala opera amapereka utsi. Utoto wa ufa wa m'zikope umene amayi amadzola, wa bulauni ndi wotuwa, ndi wabwino zedi malinga ukhale wopanda tonyezimira, ndipo mupemphe kaye eni ake. Ufa umagwira pa vanishi wosawala, pa wowala umangotsetsereka. Dziwaninso kuti mukapaka vanishi pamwamba pake, ufa woyera umazimirira pafupifupi wonse pomwe wakuda umakula mphamvu.

Pa kusupuka kwa penti ndimalimbana ndi anthu ambiri, chifukwa ndi pomwe dzanja limakoma. Tiwerengere. Mapiko a Spitfire, nsonga mpaka nsonga, ndi mamita 11.23, pa sikelo ya 1/72 ndi masentimita 15.6. Chizindikiro cha pamwamba pa phiko chinali mainchesi 56, pa kandege kanu pafupifupi masentimita 2. Kadontho ka siliva ka milimita imodzi kakuimira bala la masentimita 7 pa ndege yeniyeni, lotsala pang'ono kufanana ndi chikhatho. Madontho khumi otere pa chizindikiro chimodzi ndiye kuti ndegeyo anaitola kudzala. Ndege zambiri zankhondo sizinkakhalitsa mpaka kufika pamenepo, ndipo zinali ndi amakaniko ozisamala tsiku ndi tsiku.

Penti imasupuka pamene pali chifukwa. Pa Spitfire woyendetsa ankakwerera kumanzere, kumene kuli kachitseko, ndiye tsinde la phiko lakumanzere ndilo limaperepeseka ndi nsapato. Kumeneko kulibe chizindikiro chozungulira, koma timalemba ting'onoting'ono ndi mizere yakuda yosonyeza poponda zikhoza kufufutika mwa apo ndi apo. Pa chizindikiro chachikulu, yang'anani ngati chadutsa pa zitseko za mfuti: m'mphepete mwa zitsekozo ndi pa zomangira zake, pamene sikuludiraiva inkagwira tsiku lililonse, ndi pomwe muike timabala. Ng'ambani kachidutswa ka siponji ya matiresi, mukagwire ndi kopanira, mukaviike mu penti, mudinde pa pepala mpaka katsale pang'ono kuuma, kenako mukhudze kawiri kapena katatu. Yambani ndi mtundu wa penti ya phiko, chifukwa chizindikiro chikasupuka chimayamba kuonetsa penti ya pansi pake, chitsulo chimabwera pambuyo. Siliva akhale kadontho mkati mwa bala lina, osati onse. Pensulo ya 2B yosongoka imachita bwino kuposa penti ya siliva pa sikelo imeneyi, popeza kuwala kwake n'kofatsa.

Si paliponse pali chitsulo. Chiwongolero cha kumchira kwa Spitfire Mk V chinali chokutidwa ndi nsalu, ndipo mukadzapeza Hurricane, ndege ina yankhondo ya RAF, thunthu lake chakumbuyo, pomwe pali chizindikiro ndi zilembo, ndi nsalu. Inanso yotchedwa Mosquito inali yamatabwa. Pamalo otere penti imafwifwa ndi kudetsedwa, koma simuikapo mabala a lata. Ndege za Japan zakumapeto kwa nkhondo ndizo zimaoneka pa zithunzi zitasupuka koopsa, koma ngakhale pamenepo muona kuti kawirikawiri chizindikiro chofiira chili chathunthu pakati pa penti yobiriwira yonyotsoka.

Ena amapala sitika ndi sandipepa kuti penti ya pansi ionekere. Zimatheka ndi ya nambala 2000, imene amagwiritsa ntchito opopera magalimoto, yonyowetsa, pa sitika youma bwino. Koma pansi pa inki yamtundu nthawi zambiri pamakhala inki yoyera, ndiye mukhoza kupeza chigamba choyera pamene mumayembekeza bulauni. Ndi pepala limodzi lokha, ine sindingayese pa ndege. Yeserani pa sitika yotsala mutaimata pa chivindikiro cha botolo.

Utsi wa ekizozi ubwere pomalizira, ndipo udutse pamwamba pa chilichonse chili m'njira yake. Umayambira pa mapaipi a injini, n'kutsata thunthu chakumbuyo, ukuzimirira. Si wakuda wokhawokha: mafuta a ndegezi anali ndi mtovu, umene unkasiya kotuwa kapena kofiirira pakati pa mwaye, makamaka pafupi ndi mapaipi. Ngati chilembo choyamba chili m'njira ya utsi, chidetsedwe. Ngati utsi wathera kutsogolo kwake, musauumirize. Kumimba kwa Spitfire kunkadziwika ndi mizere ya oilo yochokera ku injini, koma imeneyo imatsata pakati, sifika pa zizindikiro za kumapiko. Ndipo pali kanthu kamodzi kofiira kamene musakakhudze n'komwe: tizigamba ta pamabowo a mfuti kutsogolo kwa phiko. Tinali nsalu zimene ankamata mfuti zikadzazidwa kuti fumbi ndi kuzizira zisalowe, zipolopolo n'kuziboola, mawa lake n'kumata zina. Timeneto ndi tatsopano nthawi zonse, ndipo kufiira kwake pafupi ndi chofiira chosuluka cha chizindikiro kumapangitsa kusuluka kuja kukhulupirika.

Penti ya mafuta ipatseni masiku awiri kapena atatu, kenako vanishi wosawala pa ndege yonse, kuti sitika ndi penti ziwale mofanana. Pakani kamodzi mopyapyala, osabwerezabwereza bulashi pamalo amodzi.

Nyengo yathu ili ndi zake. Kutentha kwa October kumaumitsa acrylic ikadali pa bulashi, ndiye gwirani ntchito m'mamawa ndipo musungunule ndi madzi ochulukirapo. M'dzinja chinyezi chimachititsa vanishi wosawala kuyera ngati nkhungu, makamaka wa m'chitini chopopera. Dikirani tsiku louma. Zikakuchitikirani, vanishi wowala wopyapyala pamwamba pake nthawi zambiri amabweza mtundu. Nthawi ya mwera fumbi limalowa paliponse, choncho mukangomaliza kupaka vindikirani ndege ndi kontena ya pulasitiki. Pawindo musaiike: dzuwa la kuno limapinda mapiko a pulasitiki, ndipo kakhungu ka masitika kamasanduka kachikasu. Pepala la masitika limene simunagwiritse ntchito likhale m'kajumbo kotseka bwino, m'kati mwa buku, chifukwa chinyezi chimadzutsa guluu wake n'kulimatirira ku pepala.

Bokosi lotsatira likadzafika, dongosolo lake ndi ili: penti, vanishi wowala, masitika, vanishi wina, kenako kudetsa konse pamodzi, n'kutseka ndi wosawala. Dulani kakhungu koonekera kaja pafupi ndi inki musanaviike m'madzi, ndipo madziwo akhale ofunda. Koma musatengere chizolowezi cha m'chipululu pa ndege iliyonse. Mukadzafuna kupanga ya anthu apaulendo, kaya ya Air Malawi yokhala ndi nambala yoyamba ndi 7Q, kaya Short Solent ya kampani yakale ya ku Britain ya BOAC, ndege zotera pamadzi zija zinkaima ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950 pa ulendo wa pakati pa Southampton ndi Johannesburg, dziwani kuti ndege zotere zinkatsukidwa, ndipo dzina la kampani linali nkhope ya malonda. Pamenepo kamzere kopyapyala m'malata, kautsi kumbuyo kwa injini, ndi kadzimbiri ka madzi m'munsi mwa thunthu la Solent n'zokwanira, zilembo zisiyeni zoyera bwino.

Pa Spitfire ili patebulo panuyi, yambani ndi chizindikiro chimodzi cha pansi pa phiko, chimene anthu sachiona, kuti dzanja lizolowere. Mukafika pamwamba, malizani phiko limodzi lokha, muliyerekeze ndi linzake mutaima patali ngati mkono umodzi, kunja pamthunzi osati pa nyali ya usiku. Mukatha kuona kusiyana koma osatha kuloza pamene penti ya mafuta yayambira, chitani chimodzimodzi phiko linalo, kungoti timadontho musatiike pamalo ofanana.